Nyimbo Zogoneka Mwana ku Linda, Cholowa Choyenda Pamsana

Nyimbo zogoneka mwana ndi nyimbo zazifupi zimene mayi, agogo kapena mlezi amaimba pofuna kutonthoza khanda lolira kapena kulikokera kutulo. Sizifuna ng'oma, sizifuna bwalo, ndipo womvera amakhala mmodzi yekha, amenenso sanayambe kumva tanthauzo la mawu. Ku Linda, imodzi mwa makomboni akale a mzinda wa Livingstone kummwera kwa dziko la Zambia, nyimbozi zimamveka m'Chitonga, m'Chilozi, m'Chinyanja, m'Chibemba ndi m'Chingerezi, nthawi zina pakhomo limodzi. Chinenero cha nyimbo yotere sichitsata mtundu wa bambo kapena dzina la banja. Chimatsata munthu amene wabereka mwanayo kumsana.

Kusakanikirana kwa zinenero kumeneku kunayamba ndi mzinda weniweniwo. Livingstone anamangidwa mu 1905, chaka chimene mlatho wa sitima wodutsa Zambezi pamunsi pa mathithi a Mosi-oa-Tunya unatsirizidwa, azungu atasamuka pa Old Drift m'mbali mwa mtsinje pothawa malungo. Kuyambira mu 1911 mpaka mu 1935 mzindawu unali likulu la Northern Rhodesia. Eni nthaka ndi Atoka ndi Aleya, anthu a mafumu monga Mukuni, Musokotwane ndi Sekute, amene chilankhulo chawo ndi cha m'banja la Chitonga. Koma njanji, maofesi a boma ndi kampani yocheka matabwa ya Zambezi Sawmills, imene inatsegula njanji yopita ku Mulobezi, zinakoka anthu ochokera kutali. Alozi anatsika kuchokera kumtunda kwa Zambezi. Enanso anabwera kuchokera ku Fort Jameson, komwe lero ndi Chipata, ndi ku Nyasaland, ena ali pa ulendo wopita ku migodi ya malasha ya Wankie n'kungokhazikika panjira. Chinyanja chinalowanso kudzera mwa apolisi ndi asilikali, pakuti ndicho chinali chinenero cha ntchito zimenezo. Pamene Merran McCulloch ankasindikiza kafukufuku wake wa anthu akuda a mu Livingstone mu 1956, makomboni a mzindawu anali atadzaza kale ndi mitundu yosiyanasiyana. Amuna anabwera ndi manja ogwirira ntchito; akazi amene anawatsatira anabwera ndi miphika, zitenje ndi nyimbo zimene iwo eni anagonekedwa nazo.

Mamvekedwe a nyimbo yogoneka mwana amadziwika ngakhale kwa munthu wosamva chinenerocho. Imakhala ndi mzere umodzi kapena iwiri yobwerezedwa mpaka mwana agone. Mawu sakwera kwambiri, ndipo kawirikawiri amayambira pamwamba pang'ono n'kumatsika. Pakati pa mawu enieni pamalowa timawu topanda tanthauzo tozungulira pa "l" ndi "u", tomwe ndi tofewa pa lilime. Mwana akayamba kusinza, woimba amasiya mawu n'kumangong'ung'udza kukamwa kuli kotseka. Kugunda kwa nyimbo kumachokera m'thupi la woimbayo: dzanja lomenya pang'onopang'ono pamatako pa mwana, mawondo ogwedera, kapena mapazi oyenda uku ndi uku pakhonde. Kumudzi, nyimbo za pamtondo zinkagwiranso ntchito yomweyi mosakonzekera, chifukwa mwana womangidwa kumsana kwa mayi wosinja ankagona ndi kukwera ndi kutsika kwa musi. Ku Linda chimanga chimapita kuchigayo kapena ufa umagulidwa m'thumba, koma kugwedera komweko kulipo pochapa, posesa ndi pa ulendo wa pansi wopita kumsika wa Maramba.

Pali chinthu chimodzi chimene chimasiyanitsa nyimbozi ndi pafupifupi nyimbo zina zonse za m'chigawo chino cha Africa. Nyimbo za paukwati, pamaliro, pachinamwali ndi pamagule zimakhala ndi woyambitsa ndi ovomera. Nyimbo yogoneka mwana ilibe wovomera. Woimba ali yekha, palibe womudzudzula akalakwitsa mawu, ndipo n'chifukwa chake nyimbo imodzimodzi imamveka mosiyana pakhomo lililonse. Wina amaikamo dzina la mwana, wina amasintha malo amene mayi wapita, wina amalumikiza nyimbo ziwiri kukhala imodzi chifukwa theka la yoyambayo analiiwala.

Mawu a nyimbozi sakhala okoma nthawi zonse. Zambiri zimalonjeza mwana kuti mayi akubwera: apita kumadzi, apita kunkhuni, apita kumunda, abweretsa kanthu. Lonjezo lotere likusonyeza kuti woimba si mayiyo. Ndi mlezi, kamtsikana ka zaka zisanu ndi ziwiri kapena khumi kamene kasiyiridwa khanda lolemera pafupifupi theka la iko komwe. Motero m'nyimbo zambiri mumamveka dandaulo la mlezi: msana wawawa, anzake ali kosewera, mwini mwana wadya ndiwo zabwino n'kumupatsa zotsala. Kamtsikana sikangayankhe munthu wamkulu maso ndi maso, koma kakhoza kuimbira khanda mokweza pang'ono kuti mawu afike kukhitchini. Mayi wokwatiwa kutali ndi kwawo amachitanso chimodzimodzi. Zimene sanganene kwa apongozi kapena kwa mwamuna wochedwa kumowa amaziuza mwana amene sangakazibwereze kwa munthu.

Ofufuza anaona kale kuti mlezi ndiye mwini weniweni wa nyimbozi. Margaret Read, amene anakhala pakati pa Angoni a ku Nyasaland m'zaka za m'ma 1930, anapeza kuti nyimbo zogoneka ana m'Chingoni zinali zochepa, popeza mabanja olemekezeka ankalereredwa ana ndi atsikana a mitundu ina, ndipo atsikanawo ankaimba m'zinenero zawo. Ruth Finnegan anatchulanso mfundo imeneyi m'buku lake la Oral Literature in Africa la mu 1970. Zimene zinkachitika m'midzi ya Angoni ndi zimene zikuchitika ku Linda lero. Bambo Mlozi ndi mayi Mchewa amene amagwira ntchito yosinthana usiku ndi usana ku hotela za m'mbali mwa Zambezi akhoza kutenga mtsikana wa kumudzi kwa Mukuni kuti aziwasungira mwana. Nyimbo yoyamba imene mwanayo adzaidziwe idzakhala ya Chitonga, ndipo patadutsa zaka 25 adzaimbira mwana wake nyimbo yomweyo, mwina osadziwa n'komwe kumene anaitenga.

Zina mwa nyimbozi zimaopseza. Fisi ali panja, kadzidzi akumva, chilombo chibwera kudzatenga mwana wolira. Kuopseza kotere si kwa kuno kokha. Ku Babulo kunapezeka phale ladongo la zaka pafupifupi 4,000 lolembedwa mawu otonthoza khanda, ochenjeza kuti kulira kwake kwadzutsa mulungu wa m'nyumba. Wolemba ndakatulo wa ku Spain, Federico García Lorca, anakamba mu 1928 za chisoni chimene chimadzaza nyimbo zogoneka ana za kwawo. Khanda silimva kuopsezako. Limangomva liwu lofatsa. Amene akupepukidwa ndi woimbayo, yemwe watopa ndipo akufuna potulutsira mkwiyo popanda kuvulaza mwana. Kwa ana okulirapo a ku Livingstone, chilombo cha usiku si nthano chabe. M'chilimwe njovu zochokera ku nkhalango yotetezedwa ya Mosi-oa-Tunya zimalowa m'makomboni a m'mphepete mwa mzinda kufuna mango ndi ndiwo zam'dimba, ndipo kholo likanena kuti panja pali njovu, nthawi zina limakhala likunena zoona.

Chodabwitsa n'chakuti nyimbozi sizimasuliridwa kawirikawiri, ngakhale m'banja limene chinenero cha agogo chinatayika. Mayi wolankhula Chinyanja cha m'tauni amaimba mawu a Chilozi kapena Chitonga amene sangawamasulire, ena atapindika mpaka mwini chinenero sangawazindikire. Chifukwa chimodzi chili m'zinenero zenizenizo. Chichewa ndi Chitonga, monga zinenero zambiri za Bantu, zimasiyanitsa mawu pokweza kapena kutsitsa liwu, ndipo maimbidwe amakonda kutsata kukwera ndi kutsika kumeneko. A. M. Jones, mmishonale amene anaphunzitsa pa sukulu ya St Mark's ku Mapanza ndipo anasindikiza Studies in African Music mu 1959, analemba zambiri za ubale umenewu pakati pa mawu ndi maimbidwe. Ukasintha mawu, nyimbo imayamba kutsimphina. N'kwapafupi kuisunga momwe inabwerera. Chifukwa china n'chakuti womvera sadandaula.

Funso lakuti nyimbo imagonetsadi mwana kapena ayi layesedwa m'mayunivesite angapo. Mwana amayamba kumva ali m'mimba, cha m'miyezi itatu yomaliza, ndipo liwu limene limamufika bwino kuposa onse ndi la mayi ake. Pobadwa amakhala akulidziwa kale. Mu 2015 ofufuza a ku Montreal ku Canada anapeza kuti makanda omvera nyimbo ya m'chinenero cha ku Turkey, chimene sanachimvepo, anakhala phee kwa mphindi pafupifupi 9, pamene omvera munthu akungolankhula anayamba kuvuta patangotha mphindi pafupifupi 4. Mu 2020 gulu la ku yunivesite ya Harvard linamvetsera makanda 144 nyimbo zochokera m'mitundu yakutali, ndipo mitima yawo inkagunda pang'onopang'ono pa nyimbo zogoneka mwana kusiyana ndi pa nyimbo zina. Izi zikulongosola chifukwa chimene mwana wa Mchewa amagonera pa nyimbo ya Chilozi popanda vuto.

Mbereko nayo ili ndi mbali yake yaikulu. Kafukufuku wa bungwe la RIKEN ku Japan, wotsogoleredwa ndi Kumi Kuroda, anasonyeza mu 2013 kuti khanda likanyamulidwa ndi mayi amene akuyenda, limaleka kulira, limasiya kuphiriphitha ndipo mtima wake umatsika liwiro, zimene sizichitika mofanana mayi akangokhala pansi ataligwira. Mu 2022 gulu lomweli linalangiza kuyenda ndi mwana wolira kwa mphindi 5, kenaka kukhala naye pansi mphindi 5 mpaka 8 asanagonekedwe pabedi. Mayi aliyense wa ku Linda amene anamasulapo chitenje msanga, mwana n'kudzuka ndi kulira koposa poyamba, akhoza kuvomereza uphungu umenewu popanda kuwerenga lipoti lake. Apa sayansi yangopereka manambala ku zimene alezi ankachita kale.

Pali malire ake. Mwana amene akulira mosalekeza thupi litatentha, akukana bere, akupuma mofulumira kapena liwombo lalowa safunika nyimbo. Afunika kuchipatala tsiku lomwelo, makamaka m'dera la malungo ngati chigwa cha Zambezi. Kumwetsa khanda mankhwala ogonetsa kapena mowa kuti ligone ndi koopsa, monganso kuligwedeza mwamphamvu chifukwa cha mkwiyo, komwe kungawononge ubongo wake.

Mwana akamakula, nyimbo zimasintha ntchito. Pa miyezi ingapo amaimiritsidwa pamiyendo n'kumavinitsidwa. Poyamba kuyenda pali tinyimbo tomulimbikitsa kuponya phazi. Akafika zaka zitatu kapena zinayi, malo a nyimbo yogoneka amatengedwa ndi nthano, zimene Atonga amazitcha twaano ndipo Alozi amati matangu. Nthano zambiri zimakhala ndi kanyimbo pakati, ndipo apa ndi pamene mwana amaphunzira kuvomera. Akuluakulu ankaletsa kukamba nthano masana, motero nthawi yake inali madzulo, chakudya chitatha, ana akusinza mmodzimmodzi. M'midzi ya Achewa ana okulirapo ankagona kukuka kwa agogo aakazi, ndipo kumeneko n'kumene atsikana ankatola nyimbo zimene ankadzaimbira azing'ono awo mawa lake. Nyimbo inkadutsa kuchoka kwa agogo kupita kwa mdzukulu wamkazi, iyeyo n'kuimbira khanda, mayi ali kumunda. Kunena kuti nyimbozi zimachoka kwa kholo kupita kwa mwana ndi zoona mwatheka chabe; nthawi zambiri zimalumpha m'badwo umodzi.

M'komboni mulibe kuka. Nyumba zimene zinamangidwira antchito zinali zazing'ono, ndipo agogo ambiri ankatsala kumudzi, n'kumangobwera mwana akabadwa kudzathandiza pa masiku a chikuta mpaka mchombo utagwa. Masabata ochepa amenewo ndiwo anali sukulu ya mayi wachitsikana: kasambitsidwe ka khanda, kamangidwe ka chitenje ndi nyimbo. Zinthu zinasintha m'zaka za m'ma 1990. Mafakitale amene anapatsa Livingstone ntchito, monga yolumikiza magalimoto a Fiat ndi ena oluka nsalu, anagwa pamene chuma chinatsegulidwa, ndipo nthawi yomweyo Edzi inakantha kwambiri mzinda wa pamalire umenewu. Agogo ambiri anapezeka akulera adzukulu amasiye. Panalibe chabwino pa tsoka limenelo, koma zotsatira zake zikumveka mpaka lero: pakati pa makolo a zaka za m'ma 30 alipo amene anagonekedwa ndi agogo usiku uliwonse, ndipo amadziwa nyimbo zakale kuposa anzawo amene analeredwa ndi amayi awo m'tauni.

Nyimbo za kutchalitchi zatenga malo aakulu pa ntchito yogoneka ana, ndipo n'zosadabwitsa, popeza zambiri ndi zodekha ndipo woimba amazidziwa pamtima ndime zonse. Mpingo uliwonse unabwera ndi chinenero chake. A Seventh-day Adventist, amene anakhazikika ku Rusangu mu 1905, ndi Akatolika a ku Chikuni anafalitsa nyimbo za Chitonga. Amishoni a ku Paris, otsogoleredwa ndi François Coillard, anagwira ntchito pakati pa Alozi, ndipo mpingo wawo unadzalowa mu United Church of Zambia mu 1965. Mpingo wa New Apostolic, wodziwika ndi makwaya ake, unayambira ku Livingstone komweko mu 1928 kudzera mwa George Henwood Mkandawire, mbadwa ya ku Nyasaland. A Reformed Church ochokera kummawa anabwera ndi nyimbo za Chinyanja. Abambo, amene ambiri sanakhalepo alezi ali ana, akagwira khanda usiku amathawira ku nyimbo za kutchalitchi zimenezi kapena ku za pawailesi. Kwa mwana palibe kusiyana, bola liwu likhale lotsika ndi lobwerezabwereza.

Wailesi inalowa m'nyumba za anthu akuda msanga ku Northern Rhodesia. Mu 1949 kunabwera kawailesi kotchipa ka batire kotchedwa Saucepan Special, ndipo Central African Broadcasting Station ya ku Lusaka, kumene Alick Nkhata ankagwira ntchito, inkaulutsa nyimbo m'zinenero za dziko. Kuyambira pamenepo mlezi anali ndi kwina kotola nyimbo kupatula kwa agogo. Sukulu zamkaka zawonjezapo tinyimbo ta Chingerezi, ndipo mchemwali wobwera kuchokera kusukulu amaimbira khanda zimene waphunzira m'mawa. Zonsezi zikudutsabe pakhosi pa munthu. Foni ndiyo yabweretsa chinthu chatsopano, chifukwa nyimbo ikufika kwa mwana popanda msana kapena chifuwa cha munthu. Mayi wotopa amene wachokera kogulitsa malonda kumalire a Victoria Falls kapena ku Kazungula sangadzudzulidwe poyatsa katuni kuti apeze mpata wophika. Komabe katuni amapangidwa kuti agwire maso a mwana, osati kuti awatseke. Bungwe la World Health Organization linalangiza mu 2019 kuti ana osakwana chaka chimodzi asamaonere konse foni kapena wailesi yakanema, ndipo a zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi pa tsiku. Nyimbo ya pafoni siidziwa kuti mwana wayamba kusinza; mlezi amamva thupi likulemera kumsana n'kutsitsa liwu. M'chaka cha chilala cha 2024, madzi atachepa ku Kariba ndipo magetsi akuzima maola ambiri pa tsiku m'Zambia monse, mafoni ankathera moto madzulo, ndipo m'nyumba zambiri munatsala njira yakale yokhayo.

Ngakhale nyimbozi ndi zakale, zimene zinasungidwa pa makina n'zochepa poyerekeza ndi nyimbo za magule. Hugh Tracey, amene anakhazikitsa International Library of African Music mu 1954, anajambula nyimbo za Atonga a m'chigwa cha Gwembe mu 1957 madzi a Kariba asanamize midzi yawo, ndiponso anayenda ku Nyasaland. M'nkhokwe yake, imene lero ili ku Rhodes University ku South Africa, muli nyimbo zina zogoneka ana. Koma ojambula a nthawi imeneyo ambiri anali amuna, ankafikira kwa mfumu, ndipo mfumu inkawasonkhanitsira oimba ng'oma ndi ovina pabwalo. Kamtsikana koimbira khanda kuseri kwa nyumba sikankaitanidwa. Nyimbo za m'makomboni, zosakaniza zinenero, zinkaonedwanso ngati zosokonezeka, zosayenera kusungidwa, pamene ndizo zikusunga mbiri ya maukwati, maulendo ndi ntchito za anthu a m'tauni.

Livingstone ali ndi nyumba yosungira zakale yaikulu ndiponso yakale kuposa zonse m'Zambia, Livingstone Museum, imene inayamba mu 1934, ndipo ali ndi mawailesi a m'deralo monga Radio Musi-o-Tunya ndi Zambezi FM. Amenewa ndi malo oyenera kulandira ndi kuulutsa nyimbo zotere. Koma ntchito yotola iyenera kuyambira pakhomo, chifukwa agogo saimba nyimbo yogoneka mwana pamaso pa mlendo wonyamula makina. Amaimba akapatsidwa mdzukulu wolira. Banja lililonse la ku Linda limene likadali ndi agogo lijambule nyimbozo pafoni, ndipo liwafunse kuti anawaimbira ndani, kumudzi uti, ndiponso m'chinenero chanji.